Zomba ndi Kabwe: chimatsala n'chiyani wodyetsa mzinda akachoka?

Pakhomo pakagwa maliro a munthu amene ankadyetsa banja, misozi ikangouma abale amakhala pansi kuwerenga zimene wasiya. Wina amasiya nyumba ya malata, mitengo ya mango ndi ana ophunzira, koma kubanki kulibe ngakhale khobidi. Wina amasiya golosale pamsewu wodutsa anthu ambiri, koma pamodzi ndi ngongole imene ana adzabweza mpaka imvi. Mabanja onse awiri ndi amasiye, onse akulira, koma cholira chawo si chimodzi. Mabanja awiriwa amandibwerera m'maganizo ndikamayerekeza mzinda wa Zomba ku Malawi ndi mzinda wa Kabwe ku Zambia.

Zomba anabadwa ndi boma. Kuyambira 1891, pamene Harry Johnston anaikapo likulu la ulamuliro wa atsamunda, chilichonse cha m'tauniyi chinkazungulira ofesi: bwanamkubwa, alembi, amesenjala, asilikali, osindikiza makalata a boma, ndi amayi ogulitsa ndiwo kwa onsewa. Mu 1975 Kamuzu Banda anasamutsira likulu ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo inatsalira kanthawi, nayonso n'kunyamuka mu 1994.

Kabwe anabadwa ndi mgodi. Mu 1902 T. G. Davey anapeza miyala ya mtovu ndi zinki pamalopo, ndipo anawatcha Broken Hill potengera tauni ina ya migodi ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Amuna anabwera kuchokera kutali kudzafuna ntchito, ena mwa iwo ochokera ku Nyasaland, ndipo mpaka lero Chinyanja chimamveka m'misika ya mzindawu pakati pa Chibemba ndi Chilenje. Dzina la Kabwe linabwera ufulu utapezeka. Mgodi unatsekedwa mu 1994, chaka chomwecho chimene aphungu ananyamula zikwama zawo kuchoka ku Zomba.

Choyamba chimene chimadabwitsa munthu poyerekeza mizindayi ndi kufanana kwa zimene boma limasiya m'mbuyo. Ku Zomba kuli Cobbe Barracks, ku Kabwe kuli Chindwin. Ndende yaikulu ya Malawi ili ku Zomba, ndipo ndende yaikulu ya Zambia, Mukobeko, ili ku Kabwe. Zomba ali ndi yunivesite ku Chirunga, kumene Chancellor College inasamukira mu 1973 kuchokera ku Blantyre. Kabwe ali ndi Mulungushi University ndi Kwame Nkrumah University. Asilikali, apolisi, oyang'anira akaidi, aphunzitsi ndi anamwino ndiwo mizati yotsala, ndipo onsewa amalandira kuthumba limodzi. Malipiro a boma akachedwa, wogulitsa tomato pamsika amadziwa msanga kuposa nyuzipepala. Ndalama ikagwa mphamvu, monga inachitira kwacha ya Malawi mu Novembala 2023 pamene inatsitsidwa ndi 44 peresenti, mzinda wodalira malipiro umaonda wonse nthawi imodzi, chifukwa mulibe fakitale yogulitsa kunja imene ingapindule ndi kugwako.

Kufanana kukuthera pamenepa.

Munthu akatsika minibasi ku Zomba m'mawa, chimene chimamulonjera ndi phiri. Limakwera kupitirira mamita 2,000, ndipo mphepo yake imaziziritsa tauni ngakhale mu Okutobala, pamene anzathu a ku Liwonde, mtunda waufupi chabe, akuthawira pansi pa mitengo. Madzi a m'mipope amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo amatsika okha ndi kulemera kwawo. Amene anakhalako m'makomboni a Blantyre, kumene madzi amachita kupopedwa ndi magetsi kuchokera ku Shire, amadziwa kuti ichi si chinthu chaching'ono. Pamsika pamafika matemba ndi mpunga wa ku Chilwa, mbatata ya kachewere ndi masitiroberi a kuphiri, masamba a m'madimba a m'mbali mwa Likangala. Mwana angathe kupita kusukulu wapansi. Chipatala chachikulu chili m'tauni momwemo. Mitengo ikuluikulu imene inabzalidwa kalekale ikadali chilili m'mbali mwa misewu, ndipo nyumba ya 1886 imene tsopano ndi Hotel Masongola ikulandirabe alendo. N'chifukwa chake anthu ambiri opuma ntchito amasankha kudzamanga kuno. Ndi mzinda wabwino kulereramo mwana ndiponso kukalambiramo.

Sindikunena kuti onse a ku Zomba akukhala mumthunzi. Ku Chikanda, ku Chinamwali ndi ku Sadzi nyumba zathinana, ngalande n'zochepa, ndipo mvula ikalimba, monga pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, oyamba kulira ndi a nyumba za zidina. Umphawi wa ku Zomba ndi umphawi weniweni. Koma nthaka imene mwana wa ku Chikanda akuseweramo ndi nthaka wamba. Akadya dothi, mayi ake amangomukalipira n'kumusambitsa.

Vuto la Zomba limayamba mwanayo akakula. Kodi akagwira kuti ntchito? Njanji sinadutse m'tauniyi. Inalambalala kudzera ku Blantyre, Balaka ndi Liwonde. Mafakitale ngosowa. Ku Changalume, kumene kunkakumbidwa miyala ya simenti, ntchito inatha kalekale. Blantyre ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 65 okha, ndipo kuyandikana kumeneku kumamudya Zomba: wamalonda wofuna kutsegula sitolo yaikulu kapena malo osungira katundu amaona kuti kuli bwino aike ku Limbe, a ku Zomba azikagula komweko. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 105,013 mumzinda wa Zomba, pamene Mzuzu anali ndi oposa 220,000, Blantyre 800,000 ndipo Lilongwe atatsala pang'ono kukwana miliyoni. Mzinda umene unali woyamba m'dziko uli pambuyo pa ina yonse itatuyi.

Chuma chimene chatsala chimayenda ndi kalendala ya sukulu. Ophunzira akatsegulira, eni nyumba za lendi ku Chikanda amapuma, akabaza amachuluka pachipata, ophika nsima ndi okazinga tchipisi amasonkha moto, ojambula mapepala amagwira mpaka usiku. Akatsekera, tauni imachita zii. Mu 2011, pamene maphunziro anaima miyezi yambiri pa mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, amene anamva kuwawa koyamba sanali mapulofesa ayi, anali mayi wogulitsa mandasi ndi mnyamata wa njinga. Ndipo chaka ndi chaka mzindawu umaveka mikanjo achinyamata anzeru kwambiri m'dziko, n'kuwaperekeza kudepoti. Amabwera kudzatenga digiri, ntchito amakaifuna kwina. Zomba ali ngati mayi wolera ana a eni, amene amatsala yekha pakhomo anawo akangoyamba kuthandiza.

Ku Kabwe nkhani inatembenuka. Ukaona mapu, palibe chifukwa choti mzindawu usauke. Uli pamsewu waukulu wa Great North Road, makilomita pafupifupi 140 kumpoto kwa Lusaka, ndipo galimoto zamkuwa zochokera ku Copperbelt ndi ku Congo zimadutsa usana ndi usiku. Likulu la Zambia Railways lili momwemo pamodzi ndi malo okonzera sitima. Kapiri Mposhi, poyambira njanji ya TAZARA yopita ku Dar es Salaam, ali pafupi. Magetsi a pa damu la Mulungushi anayamba kuyaka mu 1925, mizinda yambiri ya kuno kwathu ikadaunikira nyali. Kum'mwera kuli mafamu a Chisamba, kumpoto chakum'mawa kuli a Mkushi. Dziko ndi lathyathyathya, malo omangapo alipo ambiri, ndipo muli mabanja amene kwa mibadwo itatu akhala akugwira zitsulo, kuwotcherera ndi kukonza makina. Anthu a ku Kabwe anali kale oposa 200,000 mu 2010, kuwirikiza kawiri a ku Zomba.

Komatu nawonso aona zokhoma. Mgodi utatsekedwa, njanji inayamba kudwala. Inaperekedwa kwa kampani ina mu 2003, ndipo boma la Michael Sata linailanda mu 2012 itafooka kwambiri. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi, imene inamangidwa ndi thandizo la China, inaimitsa makina mu 2007, ndipo kwa zaka zambiri anthu anakhala akumva malonjezo oti itsegulidwanso. Kabwe anafika potchedwa mzinda wa mizukwa. Okalamba amakumbukira masiku amene mgodi unkapereka nyumba, chipatala ndi mabwalo a masewero, masiku amene Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anagoletsa zigoli 107 m'chaka chimodzi cha 1972. Ngakhale zili choncho, msewu sunachoke, njanji sinazulidwe, ndipo ntchito zina zayamba kubwerera: fakitale ya Sable ikuyenganso miyala, ndipo msewu wa Lusaka mpaka Ndola ukukuzidwa. Mnyamata wodziwa kuwotcherera kapena kuyendetsa thiraki ali ndi mwayi wopeza chochita ku Kabwe kuposa mnzake wa ku Zomba.

Ngongole ya Kabwe ili m'dothi. Kwa zaka pafupifupi 90, utsi wa ng'anjo zoyengera mtovu unkagwera pamadenga ndi m'mabwalo a makomboni oyandikana ndi mgodi: Kasanda, Makululu, Chowa, Mutwe Wansofu. Mgodi utatsekedwa panatsala mulu wa zinyalala za miyala woposa matani 6 miliyoni, umene anthu amautcha Black Mountain, ndipo sunakwiriridwe. Mtovu suola ngati zinyalala za kukhitchini. Mvula siusungunula kuti uthe, imangousamutsa. Chilimwe chikafika, mphepo imanyamula fumbi lake n'kulimwaza pa nsima, pa zovala zoyanika, pa masamba a m'dimba, pa bwalo la sukulu.

Amene amalipira ngongoleyi ndi ana aang'ono. Mwana amakwawa, amagwira pansi, amaika chala m'kamwa, ndipo thupi lake limayamwa mtovu mochuluka kuposa la munthu wamkulu, makamaka ngati akudya mosakwanira. Mtovuwo umalowa m'magazi, umakhazikika m'mafupa, umasokoneza kukula kwa ubongo. Mayi woyembekezera amaupatsira mwana asanabadwe. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tingati ndi wabwinobwino, ndipo limalangiza kuti ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita, gwero lake lifufuzidwe. Ofufuza a University of Zambia pamodzi ndi anzawo a Hokkaido University ku Japan atayeza ana a m'makomboniwa, anapeza ambiri atapitirira 45, mlingo umene madokotala amayamba kupereka mankhwala ochotsa mtovu m'thupi. Chopweteka kwambiri n'chakuti matendawa safuula. Mwana satupa, satuluka zilonda. Amangochedwa kuyankhula, amaiwala zimene waphunzira, amalephera mayeso, magazi amachepa, ndipo pakhomo amayesedwa waulesi kapena wopusa. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Zimene mtovu wawononga mu ubongo wa mwana wa zaka zitatu sizibwezeka ndi ntchito imene adzapeze ali ndi zaka makumi awiri.

Sikuti palibe chimene chachitika. Bungwe la Blacksmith Institute linaika Kabwe pa mndandanda wa malo khumi oipitsidwa kwambiri padziko lonse, ndipo dziko linamva. Mu 2016 World Bank inavomereza ndalama zoposa madola 65 miliyoni zokonzera madera a migodi ku Zambia, Kabwe ali pakati pake. Ana anayezedwa, ena analandira mankhwala, mabwalo a nyumba zina anayalidwa njerwa kuti fumbi lisadzuke. Koma kuchiza mwana n'kumubwezera pabwalo lomwelo, mulu ukadali poyera, kuli ngati kukolopa m'nyumba denga likudontha. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, akuimba mlandu Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo pa mgodiwu kuyambira 1925 mpaka 1974. Kampaniyo ikukana, ikuti sinali mwini mgodi ndipo ena anauyendetsa zaka makumi awiri iyo itachoka. Mu Disembala 2023 khoti linakana kuti mlanduwo upitirire monga mlandu wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Ana amene anali akhanda pamene mlandu unkayamba ali kale kusukulu.

Apa ndi pamene funso la moyo wabwino ndi funso la chuma amagundana maso ndi maso. Pa Black Mountain pamapezeka amuna, amayi ngakhale ana akukumba ndi manja, kutola zotsalira za mtovu ndi zinki kuti akagulitse. Amadziwa kuopsa kwake. Koma njala ya lero imamveka m'mimba, pamene mtovu umadzamveka zaka zikubwerazo. Magalimoto onyamula zinyalalazo kupita nazo kumafakitale oyenga amabweretsa ndalama m'matumba, ndipo pa ulendo womwewo amamwaza fumbi m'misewu ya m'makomboni. Tinazolowera kunena kuti chuma chili m'nthaka. Ku Kabwe mawuwa ndi oona, ndipo m'nthaka momwemo ndi mmene muli matenda. Sindingamudzudzule bambo amene akukumba kuti ana ake adye. Amene ndingawafunse ndi aja opereka ziphaso, amene amadziwa bwino chimene chili mufumbi limenelo.

Munthu atandipanikiza kuti ndisankhe, ndingati katundu wa Zomba ndi wopepuka. Ulova ndi woopsa, umabalalitsa mabanja, umatumiza achinyamata ku Joni pa mabasi a usiku. Koma mwana wa ku Zomba amachoka ndi mutu wake wonse, ndipo tsiku lina angathe kubwerera ndi luso kapena ndi mpamba. Mzinda wosowa ntchito ungazipeze boma ndi amalonda ataganiza bwino. Mzinda umene ana ake akuwonongeka ubongo ukutaya antchito a mawa, ndipo mafakitale atsopano akadzabwera adzalemba ana a kwina.

Komabe sindifuna kuti a ku Zomba amve izi n'kugona tulo. Chimene chikupangitsa mzinda wawo kukoma ndi phiri, ndipo phirilo likudyedwa. Amene anakwera ku Chawe, pamwamba pa phirilo, zaka makumi awiri zapitazo akakweranso lero amaona zitsa pamalo pamene panali nkhalango ya paini. Macheka, moto wolusa ndi makala zavula malo ambiri, ndipo m'mamawa uliwonse mizere ya amayi imatsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, chifukwa magetsi ndi gasi sizifika pa thumba lawo. Mitengo ikatha, dothi limakokolokera mu damu la Mulunguzi, mitsinje imasefukira m'dzinja n'kuuma m'chilimwe. Nyanja ya Chilwa, imene imamwa madzi a m'phirili, inauma mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2018. Matemba anasowa, mabwato anagona pamatope ku Kachulu, ndipo msika wa Zomba unamva. Wodula mtengo kuphiri la Zomba ndi wokumba pa Black Mountain ndi anthu amodzi: onse akugulitsa thanzi la mzinda kuti agule ufa wa lero, chifukwa palibe amene wawapatsa njira ina.

Zomba ali ndi mpamba umene sanaugwiritse ntchito mokwanira. Mumzinda umodzi waung'ono muli yunivesite, National Statistical Office, MANEB, National Archives, ofufuza za miyala, ofufuza za nkhalango, ndi malo osungira mitundu ya zomera. Mabungwe oterewa amafuna osindikiza mabuku, okonza makompyuta, olemba mapulogalamu, malo ochitira misonkhano, ndipo ntchito zamtunduwu sizifuna njanji. Zimafuna magetsi osazimazima ndi intaneti yotsika mtengo. Masitiroberi amene anyamata amathamangitsa nawo galimoto za alendo pamsewu wa kuphiri amaola dzuwa likamalowa, pamene akanatha kukhala jamu m'botolo. Mpunga wa ku Chilwa umachoka m'matumba opanda dzina. Alendo amakwera kukaona Emperor's View ndi Chingwe's Hole n'kubwerera ku Blantyre tsiku lomwelo, osagona, osadya m'tauni. Izi si ntchito zoti n'kulowa m'malo mwa likulu la dziko, ndipo ndingakhale wabodza nditanena kuti zidzalemeretsa aliyense. Koma zingasunge ena mwa achinyamata aja amene timawaperekeza kudepoti.

Kabwe alibe mwayi woyamba ndi zazing'ono. Chake choyamba n'chimodzi ndipo n'chodula: kukwirira mulu uja, kuchotsa kapena kuphimba dothi la m'mabwalo a nyumba ndi masukulu, kuthira phula misewu ya m'makomboni, ndi kuyeza magazi a mwana aliyense chaka ndi chaka. Mizinda ina ya migodi inachitapo zotere, ndipo mtovu m'magazi a ana unatsika. Ndalama zake n'zambiri, koma mtovu ndi zinki wa ku Broken Hill zinalemeretsa makampani ndi maboma kwa zaka pafupifupi 90. Ngakhale chigaza cha munthu wakale chimene chinafukulidwa mumgodimo mu 1921 chili ku London mpaka lero, ndipo Zambia yakhala ikupempha kuti chibwerere. Zabwino za pamalopa zinanyamulidwa, zinyalala ndizo zinatsala.

Miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala, mphepo ikamaomba ndipo udzu utauma, ndi pamene mizinda iwiriyi imaonetsa bwino mabala ake. Ku Zomba, usiku, munthu akaima pa Matawale n'kuyang'ana kumtunda amaona mizere ya moto ikuyenda m'mbali mwa phiri, ndipo m'mawa phulusa limapezeka pa zovala zimene zinagona panja. Ku Kasanda mayi amadzuka kusanache, n'kuwaza madzi pabwalo asanasese, monga anamulangizira kuchipatala, madzi amene wachita kugula pachigubu. Dzuwa likamafika pamutu pabwalopo pauma kale, ndipo mwana watuluka kukasewera.